Kalata kwa Tadala, za moto wa m'mimba uja

Wokondedwa Tadala,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwinoko kusiyana ndi momwe unkamvekera pafoni Lamulungu lija. Kuno tonse tili bwino, ana akukula, ndipo alamu ako akupereka moni. Tinacheza zambiri tsiku lija, koma chimene chanditsalira m'mutu ndi mawu amene unangowaponya kumapeto, akuti masiku ano umadzuka pakati pa usiku m'mimba mukuotcha, umamwa mkaka wozizira uli chiimire, kenako n'kukagonanso. Unati, "Ndi maganizo chabe, zitha zokha." Netiweki inali ikuduladula moti sindinakuyankhe bwino, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere, pakuti njira imeneyi ine ndinaiyenda zaka zitatu zapitazo.

Nanenso ndinkati ndi nkhawa. Ululu wake unkakhala pansi penipeni pa fupa la pachifuwa, unkakula m'mimba mukakhala mopanda kanthu, ndipo ndikadya pang'ono unkayamba wagona. Mutu ukandipweteka ndinkameza ibuprofen m'mamawa ndisanalawe chilichonse, n'kutsitsira ndi tiyi. Ndinakhala choncho pafupifupi chaka chathunthu. Tsiku limene ndinapita kuchipatala, dokotala anatenga pepala n'kundijambulira njira yonse ya chakudya kuyambira pakamwa mpaka kotulukira. Anandiuza kuti chakudya chimene wameza sichinalowebe m'thupi, chili mumpaipi wodutsa pakati pa thupi, ndipo chimakhala chako pokhapokha chagayidwa bwinobwino n'kudutsa khoma la matumbo kulowa m'magazi. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za nkhaniyi, ndipo kadyedwe kanga kanasintha.

Ntchito imayambira mkamwa, ndipo apa mpamene iwe ndi ine timalakwitsa kwambiri, chifukwa tinazolowera kudya ngati wina akutithamangitsa. Malovu amene munthu amapanga pa tsiku amakwana lita imodzi kapena kuposa, ndipo muli enzyme yotchedwa amylase yomwe imayamba kuphwanya sitachi kukhala shuga chakudya chisanamezedwe. Ndinayesa zimenezi ndi mwana wanga wamkulu. Ndinamupatsa kachidutswa ka buledi wopanda chopaka, n'kumuuza kuti atafune osameza mpaka ndimuuze. Anatafuna atatseka maso, masaya akugwedezeka, ndipo patapita kanthawi anatsegula maso n'kunena kuti, "Amayi, mwaikamo shuga!" Chifu chilibe mano, Tadala. Zimene wameza zili nthulinthuli zimatenga nthawi yaitali kuti zifewe, ndipo pomeza mothamanga umamezanso mpweya wambiri, n'chifukwa chake umangogeya ndi kumva kutupidwa.

Kuchoka kukhosi chakudya chimatsika ndi mpaipi wotalika masentimita pafupifupi 25, minofu ikuchikankha pang'onopang'ono monga momwe umafinyira mankhwala otsukira mano. Kumapeto kwake kuli mnofu wozungulira umene umatseka khomo la chifu. Ukadya mokhuta kwambiri n'kugona nthawi yomweyo, khomolo limalola asidi kubwerera m'mwamba, ndiye chilungulira chija. Unandiuza kuti umaweruka usiku, umadya chakudya chachikulu kamodzi n'kugwera pabedi. Yesetsa kuti pakati pa kudya ndi kugona pazidutsa maola awiri kapena atatu.

Pa chifu ndichedwapo, chifukwa mpamene pagona nkhani yako. M'chifu muli asidi wamphamvu wotchedwa hydrochloric acid, amene amapha tizilombo tambiri tobwera ndi chakudya, ndiponso amadzutsa enzyme ya pepsin kuti iyambe kudula mapuloteni a mu nyama, nsomba, mazira ndi nyemba. Zambiri zoyambirira za chifu zinadziwika chifukwa cha ngozi. Mu 1822, pachilumba cha Mackinac ku America, mnyamata wina dzina lake Alexis St. Martin anawomberedwa mwangozi ndi mfuti chapafupi. Dokotala wa asilikali William Beaumont anamupulumutsa, koma bala linapola n'kusiya bowo lofika m'chifu. Beaumont ankamanga tizidutswa ta chakudya pa ulusi, n'kutilowetsa pabowopo, kenako n'kutitulutsa patapita nthawi kuti aone mmene tasungunukira. Anasindikiza zimene anapeza mu 1833. Ndikaganiza za mnyamatayo ndimamumvera chisoni, chifukwa anapirira zambiri, koma anakhala ndi moyo mpaka 1880. Chimodzi mwa zimene Beaumont anaona n'chakuti St. Martin akakwiya, chakudya chinkachedwa kugayika. Choncho sukunama ukamati maganizo amafika m'mimba. Amafikadi, ndipo amakulitsa ululu. Koma kawirikawiri si iwo amene amaboola chilonda.

Chifu sichidzidya chokha chifukwa khoma lake limakutidwa ndi madzi onanda, oterera, amene amatchinga asidi. Pali zinthu ziwiri zimene zimafooketsa chitetezo chimenechi koposa zonse. Choyamba ndi mankhwala opha ululu a mtundu wa ibuprofen, diclofenac ndi aspirin, aja ndinkameza ine ngati maswiti. Chachiwiri ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori. Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti palibe kachilombo kangakhale mu asidi wotere, ndipo odwala zilonda za m'mimba ankangouzidwa kuti achepetse nkhawa ndi kusala tsabola. Mu 1982, madokotala awiri a ku Perth m'dziko la Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, anakwanitsa kumeretsa kachilomboka kuchokera m'zifu za odwala. Anzawo ambiri sanawakhulupirire. Mu 1984 Marshall anamwa dala madzi okhala ndi tizilomboti, ndipo patangopita masiku ochepa anayamba kusanza, chifu chake chitatupa. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Lero tikudziwa kuti pafupifupi theka la anthu padziko lonse ali nako kachilomboka, ambiri osadwala n'komwe, koma kwa ena kamabweretsa zilonda, ndipo kwa ochepa khansa ya m'chifu. Ine anandipeza nako. Ndinamwa mankhwala kwa masiku 14, ena opha tizilombo ndi ena ochepetsa asidi. Anali owawitsa mkamwa ndipo masiku ena ndinkachita nseru, koma ndinamaliza, ndipo kuchokera pamenepo ndimagona mpaka m'mawa. Mkaka wa usiku uja umaziziritsa kwa kanthawi kochepa, kenako chifu chimatulutsa asidi wina kuti chiugaye, moto n'kuyambiranso.

Pakatha maola awiri kapena anayi, chakudya chimakhala chasanduka phala lamadzimadzi, ndipo chimatuluka pang'onopang'ono kulowa m'matumbo aang'ono. Dzinali limanamiza, chifukwa ndi opyapyala chabe, koma kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 6. Poyambira pake pamathiridwa ndulu yochokera ku chiwindi, imene imamwaza mafuta kukhala timadontho monga momwe sopo amachitira m'mbale yonona. Pamathiridwanso madzi a kapamba, chiwalo chomwe chija chimapanga insulin, amene amazimitsa asidi ndi kumaliza kuphwanya sitachi, mapuloteni ndi mafuta. Mkati mwa matumbowa muli ngati thaulo latsopano, tinthu tosongoka tambirimbiri toimirira mothinana, ndipo kalikonse kali ndi timitsempha ta magazi. Apa mpamene chakudya chimalowa m'thupi.

Ndakufotokozera zimenezi chifukwa cha kutopa kumene unadandaula, kwakuti ukakwera masitepe ochepa mtima umathamanga. Sindine dokotala, koma kuchepa magazi ndimakudziwa. Mchere wa ayironi umayamwidwa koyambirira kwa matumbo aang'ono, ndipo umavuta kulowa, makamaka wa mu nyemba ndi masamba. Vitamini C wa mu lalanje, ndimu kapena tomato amauthandiza kulowa, pamene tiyi ndi khofi zimautsekereza. Iwe ndimakudziwa, kapu ya tiyi sichoka pambali pa mbale yako. Usasiye tiyi, koma uzimwa patadutsa ola limodzi kuchokera pamene wadya. Chilonda cha m'chifu chimathanso kumadontha magazi pang'onopang'ono munthu osadziwa, ndipo kwa ife amayi, amene timataya kale magazi mwezi ndi mwezi, zimenezi sizichedwa kuonekera. Ndinamvanso ukunena kuti wasiyiratu mafuta pofuna kuchepetsa thupi. Chepetsa, koma usasiyiretu, chifukwa mavitamini A, D, E ndi K amalowa m'thupi mothandizidwa ndi mafuta.

Zotsala zimapita m'matumbo aakulu, otalika mita imodzi ndi theka, kumene madzi amayamwidwa ndipo mabakiteriya osawerengeka amadya zimene ife talephera kugaya, monga makoko a nyemba, gaga wa mbewu ndi mitsitsi ya m'masamba. Tizilombo timeneti ndi tabwino, timapanga zinthu zodyetsa khoma la matumbo, ndipo tikasowa chakudya chake munthu amadzimbidwa. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu azidya zipatso ndi ndiwo zamasamba zosachepera magalamu 400 pa tsiku, ndipo mchere usafike magalamu 5, kutanthauza osadzaza supuni yaing'ono. Zakudya za m'mapaketi zimene umadalira chifukwa chosowa nthawi zimakhala ndi mchere wochuluka koma gaga wochepa.

Tsono pempho langa ndi ili, mnzanga. Pita kuchipatala mwezi uno, ukapemphe kuti akuyeze Helicobacter pylori komanso kuchuluka kwa magazi. Kachilomboka amakayeza ndi mpweya wopuma kapena ndi chimbudzi, sizopweteka. Ngati ukumwa omeprazole kapena mankhwala ena ochepetsa asidi, ukawauze adokotala, chifukwa amatha kubisa kachilomboka poyeza, ndipo nthawi zambiri amati uyambe wasiya kwa masabata awiri. Ukawauzenso za mapiritsi onse opha ululu amene umamwa, usabise ngakhale amodzi. Koma ukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, ukasanza magazi kapena zinthu zooneka ngati matsokwe a khofi, chakudya chikamakanirira pomeza, kapena ukamaonda popanda chifukwa, usadikire tsiku lopuma kuntchito, pita tsiku lomwelo.

Ndikudziwa kuti uli wekha kumeneko, ndipo kuphika chakudya cha munthu mmodzi kumagwetsa ulesi. Tsiku limene uli pa tchuthi uziphika nyemba kapena mphodza zambiri n'kugawa m'timabokosi, uzikhala ndi mazira owiritsa ndi chipatso m'chikwama, kuti m'mimba musamakhale mopanda kanthu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ndidzakuimbira Loweruka madzulo nthawi ya kwanuko, ndipo ndikufuna udzandiuze tsiku limene akupatsa lokaonana ndi dokotala. Ana akuti uwatumizire chithunzi cha chipinda chako chatsopano chija.

Ndine mnzako wa nthawi zonse,
Chimwemwe