Ntchito ikundidwalitsa koma ndikuopa kulankhula

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, wa ana atatu. Ndimagwira ntchito pa fakitale ina yopuntha thonje kuno ku Chigwa cha Shire, yosankha zinyalala m'thonje lisanalowe m'makina. Timakhala chiimire kuyambira 6 koloko mpaka 6 koloko, sabata ina masana, ina usiku.

Fumbi lake ndiye musanene. Poweruka timaoneka ngati tachokera kuchigayo, tsitsi ndi nsidze zomwe zili mbuu. Chophimba kukamwa amatipatsa chimodzi, chikada timangomanga mpango. Ndimatsokomola mpaka nthiti kuwawa, pachifuwa pakulira ngati kamwana ka mphaka. Sabata ya usiku ndiye yondipweteka, chifukwa masana tulo sitibwera. Okutobala wa kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, nyumba ya malata imasanduka ng'anjo. Ndimanyowetsa chitenje n'kufunda, koma pasanathe ola chauma gwa.

Kuchipatala anapeza kuti chifuwa chachikulu ndilibe, koma BP yakwera. Anandilembera kalata yoti ndipume komanso nditalikirane ndi fumbi. Ino ndi sabata yachitatu kalatayo ili m'chikwama. Ife ndife a sizoni, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limapereka tchuthi cha matenda kwa amene wakwanitsa miyezi 12, yomwe ife sitifikako pa sizoni imodzi. Mnzanga wina atadandaula chaka chatha, akapitawo anangomulozera kugeti komwe anthu amakhala pamzere kudikira ganyu. Chaka chino sanamuitanenso.

Kusiya sindingathe. Nyumba yanga inagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023, ndinamanganso ndi ngongole ya banki m'khonde, ndipo bambo a ana chipitireni ku Joni satumiza kanthu.

Chandilembetsa kwenikweni ndi cha Lachiwiri lapitali. Kamtsikana kanga ka zaka 6 kanataya phala, ine n'kukamenya ndi mthiko mpaka kanathawira kwa aneba. Tsopano ndikalowa m'nyumba kamabisala kumbuyo kwa mkulu wake. Azakhali, sindinali wotere ine. Mtima ukungopsa, mutu ukungowawa, nthawi zina ndimalira ndekha kubafa.

Kodi kalatayi ndiipereke? Ndikakadandaula ku ofesi ya zantchito ya boma, dzina langa silikamveka kwa mabwana? Nanga mwanayu ndimupepese bwanji kuti asiye kundiopa?

Ine mayi wosowa mtengo wogwira,
Chikwawa