Bayoloje tisamayambe ndi kuloweza mayina

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa danga. Ndaphunzitsa bayoloje ku sekondale zaka zambiri ndithu, ndipo pali chinthu chimandiwawa mtima. Ana akafika makalasi akuluakulu aja timangoyamba nkuwathira manotsi, mitochondria, ribosome, meiosis, mwana nkumaloweza usiku onse ngati nyimbo, koma mukamufunsa kuti nanga zimenezi zikugwirizana bwanji amangokuyang'anani kukamwa yasaa. Vuto si anawo ayi, ndife aphunzitsi amene timadumpha mfundo zikuluzikulu za kumayambiriro zija poti tikuthamangira kumaliza silabasi.

Chonsecho mfundozo nzochepa. Chamoyo chilichonse chinapangidwa ndi maselo, ndipo selo imachokera ku selo inzake. Robert Hooke anaona timabokosi timeneti mu kachidutswa ka khungwa la mtengo mchaka cha 1665, koma mwana wanu sakhulupirira mpaka aone yekha. Ine ndimasenda kachikopa kopyapyala ka mkati mwa anyezi, kuika pa kagalasi, kadontho ka ayodini, basi pa maikulosikopu. Muone mmene amakankhanirana pa mzere, wina akangosuzumira nkuona maselo atandandalikana ngati njerwa za khoma, kadontho ka nucleus kali pheee mkati, safunanso kuchokapo. Ameneyo mawu oti selo saiwalanso.

Kenako ndimawafunsa kuti nchifukwa chani selo yofiira ya m'magazi ilibe nucleus komanso ndi yophwatalala, yolowa pakati mbali zonse ziwiri. Asaloweze, aganize. Malo onsewo akufunika hemoglobin yonyamula oxygen, ndipo seloyo imayenera kupindika kuti idutse mu timitsempha ting'onoting'ono kwambiri. Kapangidwe ka chinthu kamayenderana ndi ntchito yake, mwana akagwira zimenezi ndiye kuti mapapo, mizu, matumbo, phiko la mbalame, zonse azizifunsa funso lomwelo payekha.

Za mphamvu nzachidule, imachokera ku dzuwa, tsamba limaitsekera mu shuga, selo nkuimasula kukhala ATP, kanthu kamene kamanyamula mphamvu yoti selo igwiritse ntchito. Thupinso limadzisunga pa madigiri 37 kapena pafupi pamenepo, kukatentha thukuta, kukazizira kunjenjemera, ndi homeostasis imeneyo, mawu aakulu koma mwana aliyense anaimvapo pa khungu lake.

Pamene ndimachedwapo kwambiri ndi pa DNA, malangizo a kapangidwe ka chamoyo amene amasungidwa mu selo, ndi kusintha kwa zamoyo, chifukwa apa mpamene zonse zimakumana. Zilembo zinayi zokha, A, T, G ndi C, ndi zomwezo mwa bakiteriya, mwa udzu, mwa inu a Mkonzi. Munthu ali ndi makromozomu 46, timitolo ta DNA ta mu selo, 23 ochokera kwa mayi 23 kwa bambo. Gregor Mendel anasindikiza zotsatira za nsawawa zake mu 1866 asakudziwa nkomwe za DNA, anangowerenga mbewu moleza mtima nkupeza kuti pa zitatu zilizonse za maonekedwe amodzi pamakhala imodzi ya maonekedwe ena, kapangidwe ka DNA kanadzadziwika mu 1953. Ndiye pali Charles Darwin ndi mfundo yake ya 1859 yoti zamoyo zoyenerana ndi malo awo ndi zimene zimapulumuka nkuswana, imene aphunzitsi ena amaithamangira kapena kuisiya kumapeto kwa teremu ngati yosafunika, zimenezi ine ndimakana. Tengani mabakiteriya, ena amagawikana pa mphindi 20 zilizonse zinthu zikawayendera. Pa miyandamiyanda imeneyo pamapezeka ochepa oti DNA yawo yasintha pang'ono mwangozi moti mankhwala sakuwapha. Mankhwala akapha ofookawo, otsala aja ndi amene amaswana nkudzadza malo, mapeto ake mankhwala omwe ankagwira dzana lero sakugwira. Si nkhani yamakedzana iyi, ikuchitika panopa mzipatala dziko lonse lapansi, ndipo mwana amene akufuna kudzakhala dokotala kapena nesi ayenera kuimvetsa asanachoke pa desiki.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga, sabata ziwiri zoyamba tizipereke ku mfundo zimenezi, silabasi sithawa. Anzathu olemba mayeso, chepetsani mafunso oti tchulani tchulani, muzifunsa kuti chifukwa chani. Nanunso makolo, mwana akabwera ndi kope lake madzulo musamufunse kuti waloweza zingati, mufunseni kuti thukuta limagwira ntchito yanji ndipo mudikire ayankhe mmawu akeake.

Ine,
Mphunzitsi wa bayoloje