Milalang'amba ing'onoing'ono inabowola bwanji chifunga cha kumwamba?

A Mkonzi,

Chiperoni chikakuta phiri la Mulanje, dzuwa limafika m'minda ya tiyi kudzera m'mipata yokha. Tipatseni danga tifotokoze kuti zofanana ndi zimenezi zinachitika kuthambo, chifukwa nkhaniyi ophunzira athu akuyenera kuimva m'chinenero chawo.

Patatha zaka pafupifupi 380,000 chilengedwe chitayamba, mpweya wa haidrojeni unazizira n'kudzaza ponseponse ngati chifunga. Mpweyawu umameza kuwala kwa ultraviolet (kuwala kosaoneka ndi maso) kwa mafunde afupi kwambiri, komwe mphamvu yake ndi yokwanira kuthothola elekitironi pa atomu ya haidrojeni. Pofika zaka pafupifupi 1 biliyoni, maatomu ambiri anali atathotholedwa maelekitironi awo, chifungacho n'kutha. Kuwala kotere kumachokera ku nyenyezi zikuluzikulu zotentha kuposa madigiri 30,000.

Vuto nali: nyenyezizi zimabadwira m'kati mwa mitambo ya haidrojeni ndi fumbi, choncho kuwala kwake kochuluka kumathera pakhomo pomwepo. Kuti chifunga chija chithe, akatswiri amawerengera kuti 10 mpaka 20 peresenti ya kuwalako inayenera kutuluka m'milalang'amba.

Apa mpamene mlalang'amba waung'ono umaposa waukulu. Mphamvu yake yokoka njochepa, ndiye mphepo yochokera ku nyenyezi ndi kuphulika kwa nyenyezi zikuluzikulu (supernova) zimakankha mpweya n'kuboola njira. Koma nthawi imapereŵera. Kuphulikako kumayamba patatha zaka pafupifupi 3 miliyoni, nthawi yomweyo imene nyenyezi zotenthetsetsa zikufa. Khomo likachedwa kutseguka, kuwala kwatha kale. Ife tikuona kuti mfundo imeneyi ndiyo mtima wa nkhani yonse.

Kuyeza kwake nkovuta. Kuwala kwa milalang'amba yoyambirira kumamezedwa panjira, sikutifika, ndipo mpweya wa dziko lathu nawo umatchinga ultraviolet. Nchifukwa chake telesikopu ya Hubble inalozetsedwa pa timilalang'amba tapafupi totchedwa Green Peas, tomwe anthu wamba othandiza kuunika zithunzi za kuthambo mu ntchito ya Galaxy Zoo anatitulukira mu 2007. Mu 2016 anapeza kuti kamodzi mwa timeneti, J0925+1403, kamatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya kuwala kotere. Mu 2024, telesikopu ya James Webb inasonyeza kuti timilalang'amba tozilala ta kuseri kwa gulu la milalang'amba lotchedwa Abell 2744 timapanga kuwala kotere kuŵirikiza kanayi kuposa mmene ankaganizira.

Zolakwika poyeza zimabwera pawiri. Mlalang'amba wina wapafupi ukakhala pamzere umodzi pakati pa ife ndi womwe tikuyeza, kuwala kwake kumasakanikirana, chiwerengero n'kukwera monama. Komanso mpata ukaloza kwina, ife timayeza ziro pomwe kuwala kukutuluka mbali inayo.

Aphunzitsi a sayansi,
Mulanje