Kalata yotseguka kwa Vice Chancellor wa University of Zimbabwe

Wolemekezeka Bwana Vice Chancellor,

Ndikulemba ngati mmodzi wa Achewa a mu Harare, ife amene makolo athu anachokera ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ya ku Shamva ndi Arcturus, ndi m'nyumba za azungu. Ambiri anachona, natibereka ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Epworth. Pempho langa ndi ili: khazikitsani thumba lapadera loti aphunzitsi ena a pa sukulu yanu azipumako kaye m'kalasi kwa chaka, n'kumafufuza mbiri ndi miyambo yathu limodzi ndi eni ake.

Si chachilendo chimene ndikupempha. Gawo 6 la malamulo a dziko a 2013 limaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo limalamula boma kuti lizitukule. Ndondomeko ya boma ya Education 5.0 imati maphunziro apamwamba azike mizu pa cholowa chathu. Komanso sukulu yanuyo ku Mount Pleasant inayamba ndi dzina la University College of Rhodesia and Nyasaland. Dzina la kwawo kwa agogo athu linali pachipata panu.

Mphunzitsi amene ali ndi makalasi odzaza ndi mulu wa mapepala ochonga sangapeze mpata wokhala pamkeka ndi nkhalamba, ndipo nkhalamba siyitsegula mtima tsiku loyamba. Momwe anaolokera Zambezi ku Tete, momwe magulu oikana maliro anayambira m'makomboni, momwe kulandidwa kwa mafamu kuyambira 2000 kunabalalitsira antchito n'kusiya manda ndi madambwe awo m'tchire, momwe lamulo la unzika la 2001 linasandutsira alendo anthu obadwira konkuno: zonsezi zimatuluka pang'onopang'ono, kwa munthu amene wabwera mobwereza mpaka wazolowereka. Amene anabwera nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, atsala ochepa. Tikuwaperekeza ku manda a ku Mbudzi ndi ku Warren Hills, nkhani zawo zili m'mimba.

Koma Bwana, ndalama zokha sizikwanira, ndipo apa ndi pamene mtima wanga uli. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe mulibe m'ndandandamo, chonsecho kuno mbalule imalira pa maliro ndi pa bona, ndipo anansi athu ambiri amangodziwa gule ngati chinthu choopa ndi chothawa. Ofufuza ena anabwerako m'madera mwathu, anajambula, anafunsa, anapita. Zimene analemba zili m'Chingerezi, m'mabuku amene mwini ng'oma sadzawaona. Ena anafuna kudziwa za kudambwe zimene munthu wosameta sayenera kumva, ndipo atakanizidwa anaona ngati ndi mwano. Si mwano ayi. Mwambo umene wataya chinsinsi chake watha.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti pa komiti yosankha aphunzitsi olandira chithandizochi pakhale atsabwalo ndi anamkungwi, okhala ndi mphamvu yokana. Iwo anene choyenera kujambulidwa ndi chosayenera. Alipidwe monga akatswiri, osati kungowagulira chakumwa. Zojambulidwa zonse zikhale ndi kope yotsala m'dera lomwelo, ina ipite ku National Archives of Zimbabwe ngati eni ake avomera. Zotsatira zilembedwenso m'Chichewa ndi kuwerengedwa pabwalo zisanasindikizidwe, kuti polakwika pakonzedwe ndi odziwa.

Othandizira kafukufukuyo akhale ana athu omwe. Ambiri a iwo Chishona chili pakamwa, Chichewa amangomva, ndipo ena amabisa kumene anachokera poopa kunyozedwa. Mwana wotere akakhala chaka akulemba mawu a agogo ake, chiyankhulo chidzabwerera m'nyumba imeneyo.

Kophunzirako kulipo. Ku Mua, m'boma la Dedza ku Malawi, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 anasonkhanitsa mbiri ya gule atakhala zaka zambiri pakati pa anthu. Aphunzitsi anu akhoza kulumikizana nawo, komanso kupita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa amakakumana kwa Kalonga Gawa Undi mwezi wa Ogasiti.

Ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe m'bajeti ya chaka chikubwerachi, ngakhale muyambe ndi aphunzitsi awiri okha. Mukatumiza nthumwi zanu, ife tidzaitana akuluakulu kuti mukumane nawo maso ndi maso.

Ine wanu mwaulemu,
Mdzukulu wa machona, Mufakose