Lipoti la msonkhano wa makosi a pa holide yaitali

Kwa a Wapampando ndi mamembala onse a komiti yoona za maphunziro apadera,

Munatituma ku msonkhano wa anthu oyendetsa makosi a pa holide m'mayunivesite kuti tikaone momwe anzathu amakopera ophunzira. Ambiri mwa oyankhula anali a ku America, komwe makosiwa amatchedwa summer session ndipo amachitika pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mfundo yomwe inabwerezedwa kwambiri ndi yakuti positala imodzi yolembedwa kuti "lembetsani makosi a pa holide" siyankhula ndi aliyense, chifukwa anthu obwera pa nthawiyi amabwera ndi zifukwa zosiyana. Tisanawononge ndalama ina pa wailesi, tiyenera kudziwa kaye kuti amene tikumuitanayo akufuna chiyani.

Tikaona kwathu kuno, magulu ake ndi anayi. Alipo omwe analakwa kosi ndipo akufuna kuyibwereza msanga kuti asatsalire chaka. Alipo ena ochepa amene zinthu zikuwayendera bwino, koma akufuna kuchotseratu kosi yovuta kuti semesita ikubwerayo ikapepuke. Gulu lachitatu ndi la anthu apantchito, makamaka aphunzitsi, omwe amamasuka sukulu zikatsekera ndipo akufuna pepala loti likawathandize kukwezedwa. Lomaliza ndi la achinyamata omwe alemba MSCE ndipo angokhala pakhomo kudikira kusankhidwa. Wobwereza kosi funso lake ndi lakuti magiredi atsopano alowa m'malo mwa akale kapena ayi. Mphunzitsi amafunsa ngati pepalalo ndi lovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno, ndiponso ngati malo ogona alipo. Pa wa MSCE, wofunsa weniweni ndi kholo lolipira.

Njira yodziwira zimenezi siifuna katswiri wolembedwa ganyu. Poyamba tipite ku ofesi ya rejisitara, titenge kaundula wa zaka zitatu zapitazi, tione makosi amene anthu amalakwa kwambiri ndi amene amatseka njira ya makosi ena. Nthawi zambiri amakhala a masamu, sitatisitiki ndi akaunti a chaka choyamba. Kenako pa fomu yolembetsera tiikepo funso limodzi lokha: chifukwa chachikulu chomwe mwalembetsera ndi chiti? Mayankho akhale osankha, osapitirira asanu ndi limodzi, ndipo munthu aloledwe kusankha limodzi basi. Mukalola kuchonga angapo, aliyense amachonga onse ndipo simuphunzirapo kanthu.

Apa pali msampha womwe oyankhula angapo anachenjeza. Mukafunsa ophunzira m'kalasi kuti "kodi mungakonde kosi ya pa holide?", pafupifupi onse amavomera, chifukwa kuvomera sikulipiritsa. Funso lothandiza limatchula mtengo, masiku ndi maola, ndiye n'kufunsa ngati munthu angalipire gawo loyamba pofika tsiku lakuti. Msampha wachiwiri ndi wofunsa okhawo amene anabwera. Anthu ofunika kuwamva kwambiri ndi aja anayamba kudzaza fomu koma sanalipire. Amenewa aimbiridwe foni pasanathe sabata, pokambirana mphindi zosapitirira zisanu, ndipo woimbayo asakhale mphunzitsi wawo, chifukwa kwa mphunzitsi amayankha zongosangalatsa.

Umboni wolimba womwe unaperekedwa ndi wa kafukufuku wa bungwe lochita kafukufuku la MDRC m'makoleji 10 a ku Ohio, ku America. Ophunzira ochokera m'mabanja osowa, olandira thandizo la boma la Pell Grant, anagawidwa m'magulu atatu mwa maere. Gulu loyamba linalandira mauthenga a masiku onse, ndipo pafupifupi 26 mwa 100 aliwonse analembetsa. Lachiwiri linalandira mauthenga otchula dzina la munthu, omuuza ndalama zathandizo zomwe zamutsalira ndi zoyenera kuchita, ndipo chiwerengero chinafika pafupifupi 32. Lachitatu linalandira mauthenga omwewo komanso kulipiriridwa fizi yotsala, ndipo anafika pafupifupi 38. Tikumbukire kuti kumeneko boma linabwezeretsa thandizo la Pell la chaka chonse mu 2017, choncho uthenga unali ndi ndalama kumbuyo kwake. Ife tisalembe chilichonse chokhudza ngongole tisanalandire yankho lolembedwa kuchokera ku HESLGB, bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite. Koma phunziro la uthenga wolunjika munthu titha kuligwiritsa ntchito lero lomwe.

Uthenga wotere kwa wobwereza kosi upite kwa iye yekha, pa SMS kapena imelo, usaikidwe pa gulu la WhatsApp la kalasi. Kulakwa mayeso n'chamanyazi, ndipo mayina a olakwa akayenda m'mafoni tidzakhala taphwanya chinsinsi chawo, pomwe dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024. Mawu akuti "olephera" asapezeke paliponse. Tilembe dzina la kosi, tsiku loyamba, mtengo wonse, ndi mfundo yakuti akakhoza apitiriza ndi anzake. Kwa aphunzitsi, kalata idutse kwa a hedi ndi kumaofesi a maphunziro teremu isanathe, chifukwa munthu wapantchito amafunika miyezi iwiri kapena itatu kuti asonkhanitse ndalama. Kumulola kulipira kawiri kapena katatu kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kungabweretse anthu ambiri kuposa kutsitsa mtengo pang'ono.

Chinanso chomwe sitimanena poyera ndi kulemera kwa makosiwa. Kosi ya maola 45 a m'kalasi, yomwe pa semesita ya masabata 15 imatenga maola atatu pa sabata, ikapanikizidwa m'masabata asanu ndi limodzi imafuna maola asanu ndi awiri ndi theka pa sabata. Powerengera kuti ola lililonse la m'kalasi limafuna maola awiri owerenga payekha, kosi imodzi imadya maola opitirira 22 pa sabata. Wotenga makosi awiri ndiye kuti ali pa ntchito ya tsiku lonse. Tikabisa zimenezi, wophunzira amene akuchitanso geni kapena kuthandiza kukolola kumudzi amasiyira panjira, ndipo mbiri yoipa imayenda msanga kuposa positala. Maola amenewa alembedwe pa fomu.

Zolakwika ziwiri zomwe zinatchulidwa zili m'manja mwa ofesi, osati mwa otsatsa malonda. Zotsatira za mayeso zikatuluka kulembetsa kutatsala masiku ochepa kuti kutsekedwe, gulu lalikulu la makasitomala athu limakhala lisanadziwe n'komwe kuti likufunika kosiyo. Ndipo kosi ikaimitsidwa mwadzidzidzi chifukwa olembetsa achepa, munthu amene analipira kale thiransipoti ndi nyumba sabweranso chaka chamawa.

Tikupempha komiti kuti pa msonkhano ukubwerawu igwirizane ndi a rejisitara kuti pakhale masabata osachepera awiri pakati pa kutuluka kwa zotsatira ndi kutseka kulembetsa, isankhe makosi atatu kapena anayi oti adzachitike ngakhale anthu achepe, ndipo ndalama zomwe zinaikidwa pa mapositala theka lake lipite ku ma SMS ndi mayunitsi oimbira foni.

Ife nthumwi zanu.