Zikomo chifukwa cha holo ndi jenereta: kalata kwa akuluakulu a esiteti ya tiyi ku Thyolo

Kwa Bwana Manijala ndi onse a ku ofesi,

Ndikulemba m'malo mwa anzanga amene tinasonkhana mu holo yanu Loweruka lapitali kukhuza maliro a Eddie Van Halen, katswiri wa gitala amene anamwalira Lachiwiri pa 6 Okutobala 2020 ku Santa Monica m'dziko la America ali ndi zaka 65. Kalatayi ndaiika poyera dala kuti ena amveko zimene munatichitira, poti zikomo wapakamwa amathera pageti.

Pempho lathu linali lachilendo, ifenso tinkadziwa. Kwina kumene tinayamba kugogoda anatifunsa kuti mtembo uli kuti, ndipo titanena kuti uli kutsidya kwa nyanja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kuno maliro timawadziwa ndi masamba oika pamsewu, amayi kusiwa, abambo panja pamoto. Maliro opanda manda, opanda mfumu yolengeza, a munthu amene palibe mwa ife anagwiranapo naye chanza, ambiri anawatenga ngati nthabwala za anthu osowa chochita. Ku ofesi kwanu sikunali choncho. Mayi amene anatilandira anatipatsa mipando, kenako anafunsa funso limene amafunsa munthu wofedwa: "Malemuwo anali ndani wanu?" Mnzanga wina, posowa poyambira, anatulutsa foni n'kuwaikira nyimbo ya Michael Jackson ya "Beat It", pakati pomwe gitala imalira ngati yapsa mtima. Mayiwo anangoti, "Aa, kodi amene amaimba pamenepa ndi iwowo? Pepani ndithu." Mawu akuti pepani aja tinawamva koyamba tsiku limenelo.

Ndi mmene ambiri kuno anamudziwira Van Halen, osadziwa dzina lake. Chimbale cha Thriller, momwe muli nyimboyi, chinatuluka mu 1982, ndipo amene tinakula m'zaka za makaseti tinaivina nyimbo imeneyo m'maukwati ndi m'madisiko a kusukulu. Amene anamuitana kudzaimba gawo limenelo anali Quincy Jones, mkonzi wa chimbalecho, ndipo iye anaimba osalandira ngakhale tambala. Oimba a m'mabandi a kuno amene tinali nawo mu holo atamva zimenezi anapukusa mitu, poti nkhani yoimba ulere amaidziwa bwino, kungoti iwo saisankha okha.

Mwina mukufunabe kudziwa chifukwa chake anthu a ku Bvumbwe, ku Luchenza ndi ku Thyolo boma analipira minibasi kudzalira mlendo. Nkhani ili pa gitala yake. Munthuyu sanapeze m'sitolo gitala yotulutsa mawu amene ankawamva m'mutu mwake, ndiye anaipanga yekha. Anagula thupi la gitala pa madola 50, khosi lake pa madola 80, n'kuchotsa kachipangizo kotola mawu pa gitala ya mtundu wa Gibson, kukaika pa thupi lopangidwa ngati la Fender. Penti anapaka yekha, akumata tepi kuti patsale mizere yakuda ndi yoyera, pambuyo pake anawonjezera yofiira. Gitala imeneyo, yomwe anthu amaitcha Frankenstrat, inali ndi maenje ndi mawaya oonekera, koma ndi imene inasintha kaimbidwe ka rock padziko lonse gulu lake, lotchedwanso Van Halen, litatulutsa chimbale choyamba mu 1978. Ife tinakula tikusema mpini wa banjo ndi chikwanje, kuubowolera pa chigubu cha mafuta, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga. Tikamva kuti munthu wotchuka chotero anayambira pa kulumikizalumikiza zidutswa, timamuona ngati mwana wa pamudzi pathu amene anapita kutali. Ndi mtima womwewo umene unali mwa malemu Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, amene zida zawo zinali zopanga pamanja koma nyimbo zawo zinamveka mpaka kunja kwa dziko.

Ndipo Van Halen umlendo ankaudziwa. Anabadwira ku Amsterdam mu 1955, bambo ake anali Mdatchi woimba kilarineti, mayi ake anabadwira pa chilumba cha Java ku Indonesia. Banjalo linasamukira ku Pasadena ku America mu 1962 ana asakudziwa Chingerezi. Iye anayamba ndi piyano, kenako ng'oma, pamene mkulu wake Alex ankaphunzira gitala, mpaka anasinthana zida ataona kuti aliyense wagwira ya mnzake. Nyimbo zolembedwa papepala sankaziwerenga bwino, ankaphunzira ndi khutu, ngati mmene aphunzirira oimba ambiri m'makwaya ndi m'mabandi athu.

Tsono zimene munatichitira. Holo munatipatsa osatilipiritsa. Chifukwa cha mliri wa Covid-19 munatiikira ndowa za madzi ndi sopo pakhomo, ndipo alonda anu sanalole munthu kulowa wopanda masiki, ngakhale wina atawanyengerera kuti akufuna kuimba. Mipando anaitalikitsa okha anyamata anu m'mawa. Koma chimene sitidzaiwala ndi jenereta. Magetsi anazima mwambo utangoyamba kumene, ampulifaya n'kuti zii, ndipo gitala ya rock yopanda magetsi ndi thabwa chabe. Bambo wa zamagetsi wa pa esitetipo, amene tsikulo sanali pa ntchito, anabwera pa njinga atavala zakumunda, n'kuliza jenereta, n'kukhala nafe mpaka kumapeto. Tinamupempha kuti tisonkhe ya mafuta, iye anati ofesi yanena kale kuti tisavutike. Chonde mumufikitsire kuthokoza kwathu, komanso amayi a kukhitchini amene anatiphikira tiyi wa pa esiteti pomwepo kutentha kwa Okutobala kuli pachimake. Tinamwa tonse thukuta lili kamukamu, ndipo palibe anakana kapu yachiwiri.

Mwambowo sunali wautali. Abusa amene amaimba gitala ya besi ku mpingo kwawo anatsegula ndi pemphero, atayamba anena poyera kuti mawu a nyimbo zina za gululo sangawabwereze paguwa, koma luso ndi mphatso ndipo mphatso ili ndi Mwini wake. Mphunzitsi wina wopuma pantchito anafotokoza za matenda: khansa inayamba pa lilime cha m'ma 2000, madokotala anadula mbali ya lilimelo, ndipo patapita zaka inadzafika kummero. Iye sanabise kuti malemuyo ankasuta fodya kwambiri, ndipo anawayang'ana anyamata amene anakhala kumbuyo nthawi yaitali ndithu asanapitirize. Ine ndinaona kuti anachita bwino kunena. Pamaliro timakonda kuyeretsa munthu mopitirira, pamene amoyo akufunika kumva zoona.

Kenako zida zinalankhula. Mnyamata wina wowotcherera zitsulo ku Luchenza anayesa "Eruption", kanyimbo ka gitala yokhayokha kosafika mphindi ziwiri kamene kanazunguza mitu oimba mu 1978. Chinsinsi chake n'chakuti dzanja lamanja limasiya kukhwacha nsambo, limakwera pa khosi la gitala n'kumagogoda ndi chala pamodzi ndi lamanzere, mwakuti mawu amathamanga ngati akuimba anthu awiri. Van Halen si amene anayamba kuimba motero, analipo ena kale, koma ndi iye anachititsa kuti mwana aliyense wogwira gitala afune kuyesa. Wathuyu anaphonya malo angapo, anthu anamuombera m'manja chimodzimodzi, poti tonse tinkadziwa kulemera kwa katundu amene anasenza. Atatha, gogo wina amene anabwera ndi banjo yake ya chigubu anapempha kuti naye aimbe. Anaika zala za manja onse pa mpini kutsanzira mnyamata uja, nsambo imodzi n'kuduka, holo yonse kufa nako kuseka. Apo m'pamene ena amene anadzigwira tsiku lonse anayamba kupukuta misozi. Tinatseka ndi "Jump", nyimbo ya gulu lake imene inafika pa nambala 1 ku America mu 1984, ngakhale okonda gitala enieni amainyinyirika chifukwa kiyibodi ndi imene imatsogolera. Alonda anu anavina nawo ali pakhomo.

Pali kanthu kamodzi kamene katsalira. Ana a antchito anu amene anaunjikana m'mawindo sanafune kuchoka, ndipo angapo atifunsa kale kumene angaphunzire gitala. Pakati pathu pali anthu okonzeka kuwaphunzitsa kwaulere Loweruka masana, ndipo magitala awiri akale apezeka. Chosowa ndi malo. Ngati holoyo imakhala yopanda ntchito nthawi imeneyo, makamaka panopa mvula isanayambe ndipo ntchito yothyola tiyi isanachuluke, tikupempha kuti mutiganizire. Tidzabwera ku ofesi sabata yamawa kudzamva maganizo anu, pamodzi ndi makolo a anawo.

Ine wanu,
Mlembi wa okonda gitala amene munawalandira,
Thyolo