Lipoti la msonkhano wa ku Ulongwe: makoko, gaga ndi madzi otentha

A pulezidenti, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo a bungwe lathu la alimi kuno ku Domwe, zikomo. Munandituma ku Ulongwe kuti ndikamve za zotsala za mbewu, ndiye ndalemba kuti ndi omwe sadzafika Loweruka awerengeretu pa foni.

Otiyankhula anali aphunzitsi a zaulimi. Akuti m'zinthu zomwe timataya muli mankhwala achilengedwe otchedwa ma antioxidant, amene amathandiza kuti mafuta ophikira ndi zakudya zisafulumire kununkha. Makampani a zakudya ndi a mafuta odzola amawafuna, poti ena akufuna kuchepetsa mankhwala opangira ku fakitale monga BHT. M'makoko a mbatatesi muli chlorogenic acid, mu gaga muli ferulic acid, m'makoko ouma a anyezi muli quercetin.

Kachotsedwe kake ndiko kanandigwira mtima. Madzi amawira pa madigiri 100 kumunsi kunyanja, koma kuno kumtunda amawira asanafike pamenepo poti mpweya suwathinikiza kwambiri, n'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa ku Tsangano kuposa ku Tete. Akatswiri ochotsa mankhwalawa amachita zosemphana ndi zimenezi. Amaumitsa makoko, kuwapera, kuwatsekera m'kachitsulo kolimba, kenako n'kupoperamo madzi kapena ethanol (mankhwala oledzeretsa a mu mowa) mothinikiza kwambiri, pafupifupi ma bar 100, kutanthauza kuthinikiza kwa mpweya wotizungulirawu kuchulukitsa ka 100. Akathinikizidwa chonchi madzi sasanduka nthunzi ngakhale atenthe kupyola 100, ndipo mphamvuyo ikakwanira amakhalabe madzi mpaka madigiri 374. Akafika cha m'ma 250 amayamba kusungunula zinthu monga umachitira mowa waukali, zomwe madzi ozizira sangazitulutse. Ntchito yomwe mwa njira yakale inkatha maola ambiri imatha m'mphindi 10 kapena 20, ndipo zosungunulira zimalowa zochepa. Nthawi zambiri amatenthetsa pakati pa madigiri 50 ndi 200, chifukwa moto ukachuluka mankhwala enawo amawonongeka. Makina oterewa anayamba kugulitsidwa mu 1995 ndi kampani ya ku America ya Dionex, choncho si zachilendo, kungoti kwathu kuno sizinafike.

Pamenepa ndichenjezeretu achimwene athu aluso lophika kachasu: mgolo sungapirire mphamvu imeneyi. Ungaphulike n'kupha munthu.

Panakambidwanso za magetsi ndi maphunziro a achinyamata, koma zinali zomwe timamva pa msonkhano uliwonse.

Tsopano maganizo anga. Makinawo sitingawagule, ndipo wogula zotsalazi pakadali pano palibe. Aphunzitsiwo akungofuna zoyesera. Chachiwiri, ambiri m'holomo anakondwera ndi nkhani ya makoko a mbatatesi poti Angónia ndi Tsangano ndi kwawo kwa mbatatesi, koma taganizani bwino. Mbatatesi zathu zimakwera malole zili ndi makoko ake. Makokowo amasendedwa ku Tete ndi ku Beira, kwa okazinga chipisi, osati kuno. Chomwe tili nacho chambiri ndi gaga wa ku chigayo, ndipo gaga si zinyalala. Nkhumba ndi nkhuku zathu zimadya chimenecho, ndipo chaka cha njala tonse tikudziwa komwe amalowera. Munthu akadzabwera ndi meticais ochepa kuti asese gaga yense, tidzakhala tagulitsa chakudya cha ziweto pa mtengo wa zotaya.

Mayi wina wa ku Tsangano anafunsa funso labwino, ngati madziwo amasankha zabwino zokhazokha. Yankho linali lakuti ayi. Makoko obiriwira a mbatatesi ali ndi poizoni wa solanine, ndipo chimanga kapena mtedza wa chuku umakhala ndi aflatoxin, amene satha ndi kuphika wamba. Ndiye ngati tidzalowemo, gawo lathu lidzakhala kusankha, kuumitsa bwino pamthunzi, ndi kusunga m'matumba oyera posafika chinyezi. Amayi amene amasamala ufa ndi mfutso ntchito imeneyi amaidziwa kale.

Loweruka ndipempha kuti tigwirizane ziwiri. Tipereke kathumba kakang'ono ka gaga ndi ka makoko a anyezi kuti akayese, koma atilembere papepala kuti zotsatira adzatibweretsera m'chinyanja. Ndipo membala asalonjeze gaga kwa aliyense komiti isanakhale pansi.